Ndigule UPS yotani yoteteza kompyuta ya ntchito kunyumba kuno ku Zomba?

Mlembi wa ku Matawale analemba kuti:

Ndikupatsani moni nonse. Ine ndimakhala ku Matawale, ndipo ntchito imene imandidyetsa pamodzi ndi ana anga ndi yotayipa ndi kusindikiza zikalata kunyumba kwanga komwe. Ambiri amene amandibweretsera ntchito ndi ophunzira a ku yunivesite omwe akumaliza maphunziro awo, aphunzitsi ofuna mapepala a mayeso, ndiponso anthu a m'mipingo ofuna ndondomeko za maukwati ndi za maliro. Ndili ndi kompyuta ya patebulo ndi sikirini yake, pulinta ya laser, rauta ya intaneti, ndipo pabalaza pali TV ndi dikoda.

Sabata yatha magetsi anazima ndili pakati pokonza chikalata cha masamba oposa 80 cha wophunzira wina amene amayenera kukachipereka Lachisanu. Atabwera ndinayatsanso kompyuta, koma pasanathe mphindi zisanu anazimanso, kenako anaphethira kawiri asanakhazikike. Kuchokera pamenepo chikalata chija chinakana kutseguka, ndipo m'mawa mwake Windows nayo inakana kuyaka mpaka ndinaitana wokonza, yemwe anandiuza kuti mafayilo ena anaonongeka chifukwa kompyuta inazima ili mkati molemba pa disiki. Ndinachezera usiku uwiri kutayipanso ntchito yonse, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mwana wa eni anatsala pang'ono kuchedwa chifukwa cha ine.

Wokonza uja anandilangiza kuti ndigule UPS, kabokosi kokhala ndi batire kamene kamapitiriza kupereka mphamvu ku kompyuta magetsi akazima. Ndafunsa m'masitolo awiri m'tauni muno ndi ina imodzi ku Limbe, koma ndabwerako nditasokonezeka kuposa mmene ndinapitira. Wogulitsa wina anandionetsa yolembedwa 650VA n'kunena kuti ikwanira zonse, ngakhale pulinta. Wina anandionetsa ya 1500VA, ya mtengo wokwera kwambiri, n'kunena kuti ndikhoza kugwira nayo ntchito masana onse magetsi kulibe. Wachitatu anati ndisavutike ndi UPS, ndingogula inveta ndi batire lalikulu.

Ndikupempha amene mukuzidziwa bwino zinthuzi kuti mundithandize. Kodi nambala za VA zimenezi zimatanthauza chiyani, ndipo ndingadziwe bwanji imene ikukwanira zipangizo zanga? Kodi n'zoona kuti UPS ingandipititse masana onse? Ndalama zimene ndasunga ndi zochepa, ndipo sindingakwanitse kugula kawiri.

Mmisiri wa ku Chinamwali anayankha kuti:

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zinakuchitikirani. Ine ndimakonza makompyuta ndi zipangizo zina zamagetsi, ndipo ma UPS ambiri amene anthu amabwera nawo kwa ine atafa amakhala kuti anagulidwa kuti agwire ntchito imene si yawo. UPS ya kunyumba inapangidwa kuti magetsi akazima ikupatseni mphindi zokwanira kusunga chikalata chanu ndi kuzimitsa kompyuta mwadongosolo, komanso kuti magetsi akamaphethira kompyuta isamve n'komwe. Vuto limene linakuonongerani ntchito ndi lomwelo, choncho UPS ikuthandizani ndithu, koma zogwira nayo ntchito masana onse zichotseni m'maganizo.

Nambala ya VA yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni si mawati, ndipo mawati ndi amene muyenera kuyang'ana. Pa ma UPS otchipa, mawati amakhala pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a VA, moti ya 650VA nthawi zambiri imasenza mawati 360 kapena kupitirira pang'ono, ya 1000VA imasenza mawati 600, ndipo ya 1500VA imasenza mawati 900. Nambala yeniyeni imalembedwa pa kachikwangwani ka kumbuyo kwa UPS, ndipo wogulitsa akakana kukutsegulirani katoni kuti muione, pitani kwina. Kompyuta ya patebulo yogwirira ntchito za mu ofesi pamodzi ndi sikirini yake kawirikawiri imadya mawati apakati pa 80 ndi 150, ndiye pa kulemera kwa katundu yekha, ngakhale ya 650VA ija ikhoza kuinyamula.

Koma nambala zonsezi zimangonena kulemera kwa katundu amene UPS ingasenze pa nthawi imodzi, sizinena kutalika kwa ulendo umene ingayende naye. Kutalika kwa ulendo kumadalira batire la mkati. Mukatsegula UPS ya 650VA mupezamo kabatire kamodzi ka mtovu kolembedwa 12V 7Ah. Mukachulukitsa 12 ndi 7 mupeza 84, kutanthauza kuti pa pepala batirelo likhoza kupereka mawati 84 kwa ola limodzi, ndipo kompyuta yodya mawati 120 ikanayenera kukhala mphindi 42. Zenizeni sizifika pamenepo, chifukwa nambala ya 7Ah imayezedwa batire likamakhetsedwa pang'onopang'ono kwa maola 20, pomwe UPS imalikoka mwamphamvu nthawi imodzi, ndipo batire la mtovu likakokedwa motero limapereka zochepa kwambiri kuposa zolembedwa. Mphamvu ina imatayikanso ngati kutentha pamene UPS ikusandutsa 12V ya batire kukhala 230V ya m'nyumba. Chotsalacho ndi mphindi 10 kapena 15 batire likadali latsopano. Ya 1500VA imakhala ndi mabatire awiri, nthawi zambiri a 9Ah, ndipo pa kompyuta yomweyo ingakupatseni pakati pa theka la ola ndi ola limodzi.

Pulinta ya laser musailumikize ku masoketi a batire ngakhale UPS ikule bwanji. Mkati mwake muli chotenthetsera chimene chimasungunula ufa wa tona kuti umatirire pa pepala, ndipo chikamayamba kutentha chimakoka mawati mazanamazana mwadzidzidzi, nthawi zina kuyandikira 1000. UPS yaing'ono ikakumana ndi zimenezi imalira kuti yalemedwa n'kuzima, ndipo kompyuta imene mumafuna kuiteteza imazima nayo limodzi. Ma UPS ena ali ndi masoketi olembedwa kuti surge only, omwe sadutsa ku batire, ndipo pulinta ikhoza kulowa mmenemo. Ngati palibe, ipatseni soketi yakeyake ya pakhoma.

Pa mitundu, pali itatu. Wotchipa kwambiri ndi wa standby, umene umangodutsitsa magetsi a pakhoma mmene alili n'kulumphira ku batire akazima kapena akatsika kwambiri. Wachiwiri ndi wa line-interactive, umene uli ndi chipangizo chotchedwa AVR chokweza magetsi akafooka ndi kuwatsitsa akakwera, popanda kukhudza batire. Wachitatu ndi wa online, umene nthawi zonse umadyetsa zipangizo kudzera mu inveta yake, ndipo ndi umene amagwiritsa ntchito m'mabanki ndi m'zipinda za maseva, koma ndi wodula, uli ndi fani yosaleka kulira, ndiponso umadya mayunitsi ambiri. Kwa inu ndikusankhirani wachiwiri. Madzulo anthu akayatsa makuka m'dera lonse, mababu amaoneka ofooka chifukwa magetsi atsika, ndipo UPS ya standby ikhoza kumangolumphira ku batire kangapo pa ola mpaka kulitopetsa, pomwe ya AVR imangowakweza. Za kamphindi kamene UPS imatenga polumphira ku batire musade nazo nkhawa, chifukwa sikapitirira mamilisekondi 10, ndipo bokosi la magetsi la mkati mwa kompyuta limatha kudzigwira lokha kwa mamilisekondi pafupifupi 16.

Pali chinanso chimene ogulitsa satchula. Magetsi a pakhoma amayenda ngati funde losalala lobwereza ka 50 pa sekondi, koma ma UPS otchipa akakhala pa batire amatulutsa funde lokhala ngati masitepe, lomwe pa katoni amalemba kuti simulated sine wave. Makompyuta ambiri a mu ofesi amalilandira popanda vuto, koma ena atsopano, amene bokosi lawo la magetsi lili ndi active PFC, amatha kuzima kapena kulira UPS ikangolumphira ku batire. Njira yodziwira ndi kuyesa, ndipo ngati yanu ikukana, mufunika yolembedwa pure sine wave, yotulutsa funde losalala ngati la pakhoma.

Muonenso masoketi ake musanalipire. Magetsi a m'Malawi ndi a 230V ndipo mapulagi athu ndi a mano atatu aphwatalala. UPS yochokera ku South Africa ikhoza kubwera ndi masoketi a mano obulungira, ina imabwera ndi timabowo ta IEC tofuna zingwe zapadera, ndipo yotumizidwa ndi wachibale kuchokera ku America imakhala ya 120V, imene ingapse mukangoilowetsa pakhoma kuno. Ine ndikanakhala inu ndikanagula ya line-interactive ya 1000VA yokhala ndi kabowo ka USB, n'kulumikizako kompyuta ndi sikirini basi. Chingwe cha USB chimathandiza kuti kompyuta izidziwa kuti batire latsala pang'ono, n'kudzizimitsa yokha mwadongosolo ngakhale inu muli kumsika. APC ili ndi pulogalamu yake yotchedwa PowerChute, ndipo ma UPS ambiri Windows imawazindikira ngati batire wamba.

Wopuma pa ntchito wa ku Kalimbuka anayankha kuti:

Mayi a ku Matawale, zimene afotokoza a mmisiriwa n'zoona, ndipo ine ndingowonjezera zimene ndinaphunzira nditataya ndalama zanga. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka makina anayambanso kugwira ntchito mu 2023. M'miyezi imeneyo ine ndinali ndi UPS yatsopano, ndipo magetsi akazima madzulo ndinkalumikizako TV ndi dikoda kuti ndimve nkhani, n'kumaonera mpaka UPS itazima yokha. Ndinkachita zimenezi pafupifupi tsiku lililonse. Pasanathe chaka, batire lija silinkatha kusunga kompyuta ngakhale kwa mphindi imodzi, ndipo nditalitulutsa ndinapeza litafufuma m'mbali.

Cholakwa chinali changa. Batire la mtovu la mu UPS likhoza kukhala zaka 3 mpaka 5 ngati likugwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo, koma likamakhetsedwa mpaka pansi limangopirira maulendo mazana awiri kapena atatu. Choipa kwambiri n'chakuti likatha limafuna maola 6 mpaka 8 kuti lidzadzenso, ndipo masiku amenewo magetsi ankatha kubwera kwa maola ochepa n'kupitanso, moti batire linkayamba ntchito ya tsiku lotsatira lisanakhute. Batire la mtovu likamagona ndi njala chonchi, mbale zake za mkati zimachita chikanga choyera chimene sichichokanso, ndipo mphamvu yake imachepa mpaka kalekale. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti magetsi akazima muzisunga ntchito yanu, kuzimitsa kompyuta, kenako kuzimitsanso UPS yeniyeniyo pa batani lake, kuti batire likhale ndi chotsala cha ulendo wina.

Kutentha nakonso kumadya batire. Opanga amawerengera moyo wake pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 okha pamwamba pa apo, moyowo umadulidwa pakati. Zomba ndi kozizirako poyerekeza ndi ku Chigwa cha Shire, koma chipinda cha malata chopanda siling'i mu Okutobala ndi Novembala chimatentha ndithu. Musaibise UPS mu kabati kapena kuifunditsa nsalu poopa fumbi, ndipo musaiike pansi pa simenti pamene amakolopa.

Pa kukula kwake ndikusiyana pang'ono ndi a mmisiri. Ngati cholinga ndi kusunga chikalata ndi kuzimitsa, mphindi 10 n'zokwanira, ndipo ya 650VA yokhala ndi AVR ingachite zimenezo. Ganizirani za tsiku losintha batire, lomwe lidzafika ndithu. Ya 650VA ili ndi batire limodzi la 12V 7Ah, lomwe limapezeka mosavuta, pomwe zikuluzikulu zambiri zili ndi awiri amene amasinthidwa limodzi, ndiye mtengo umawirikiza. Chikhalireni kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja ndi wofunika kumuganizira kawiri. Pogula funsaninso kuti UPS yakhala nthawi yaitali bwanji pa shelefu, chifukwa batire limadzikhetsa lokha likangokhala, ndipo limene lakhala chaka chathunthu m'katoni osatchajidwa limakhala litayamba kale kufa. Mabatire ambiri ali ndi deti losindikizidwa pamwamba pake.

Chomaliza ndi mphenzi, ndipo ichi ndikuchinena ndi mtima wonse chifukwa ife okhala m'tsinde mwa phirili timaidziwa mvula ya Disembala ndi Januwale. UPS ili ndi tizipangizo totchinga magetsi okwera mwadzidzidzi, koma timagwira ntchito pothamangitsira mphamvuyo ku waya wa earth, wopita ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Nyumba zambiri zakale za kuno zinamangidwa Zomba akadali likulu la dziko, likululo lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo chitsulo cha earth chimene chinakhomedwa pansi nthawi imeneyo chikhoza kukhala chitadyeka ndi dzimbiri. M'nyumba zina zatsopano omanga amangolumikiza mawaya awiri n'kusiya dzino lachitatu la soketi lopanda kanthu. Itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso adzayeze. Ngakhale earth ili bwino, palibe UPS imene ingaimitse mphenzi yogwa pafupi. Ine ndinataya dikoda ndi TV tsiku limodzi UPS ili pomwepo, chifukwa mphamvu ya mphenzi inalowera ku chingwe chochokera pa dishi, chomwe sichidutsa mu UPS. Mabingu akayamba, zulani mapulagi pakhoma ndipo muchotsenso chingwe cha dishi.

Wophunzira wa ku Chikanda anayankha kuti:

Mayi, ine ndine mmodzi mwa ophunzira amene timadalira anthu ngati inu, ndipo ndikupempha kuti muganizirenso njira ina musanapereke ndalama. Laputopu ili kale ndi batire mkati mwake, moti magetsi akazima siphethira n'komwe, ndipo imadya mphamvu yochepa kwambiri, chifukwa tchaja ya laputopu wamba imakhala ya mawati 45 kapena 65 ndipo potayipa siifika n'komwe pamenepo. Laputopu yokhala ndi batire labwino imakupatsani maola angapo a ntchito yeniyeni, chinthu chimene UPS ya 1500VA singachite pa kompyuta ya patebulo. Ndikudziwa kuti laputopu ndi yodula kuposa UPS, komanso zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zimabwera ndi mabatire otopa, choncho wogula ayenera kuitchaja mpaka kudzadza, kuizula pakhoma, n'kuona yekha kuti ikukhala nthawi yaitali bwanji.

Pa rauta, musaononge batire la UPS yaikulu. Rauta imagwiritsa ntchito magetsi a DC, a mtundu umene batire limatulutsa, nthawi zambiri 12V kapena 9V, ndipo imadya mawati osakwana 12. Mukailumikiza ku UPS yaikulu, mphamvu ya batire imakwezedwa kufika 230V kenako adaputa ya rauta imaitsitsanso, ndipo pa masitepe awiri onsewo pamatayika mphamvu, kuwonjezera pa imene UPS imadya pongokhala yoyaka. Pali ka UPS kakang'ono ka DC kokhala ndi mabatire a lithium, kamene kamalowa pakati pa soketi ndi rauta, ndipo ife ku hositelo kamatisungira intaneti kwa maola atatu kapena anayi. Pogula muwerenge pa adaputa ya rauta yanu kuti ndi ya mavolt angati, ndipo musankhe kotulutsa nambala yomweyo, chifukwa 12V ikalowa mu rauta ya 9V ikhoza kuiotcha. Musakopeke ndi nambala yaikulu ya mAh. Akalemba 10000mAh amawerengera pa 3.7V ya batire la mkati, zomwe ndi 37Wh, kutanthauza mawati 37 kwa ola limodzi, ndipo rauta yodya mawati 10 idzakhala maola atatu ndi pang'ono.

Chinanso n'chosafuna ndalama. Microsoft Word imasunga yokha kope lopulumutsira ntchito pa mphindi 10 zilizonse, koma nambala imeneyi mukhoza kuitsitsa kufika pa mphindi 2 mukalowa pa Options kenako Save. Muzikoperanso ntchito ya tsiku lililonse pa fulashi kapena kuitumiza ku Google Drive musanagone, chifukwa disiki ikhoza kufa yokha ngakhale magetsi ali bwinobwino.

Mlembi wa ku Matawale analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa chopatula nthawi yanu. Achemwali a ku Chikanda, za Word ndasintha kale usiku womwewu, ndipo ka UPS ka rauta ndikafunafuna. Laputopu ndiiganizira m'tsogolo, pakuti pakadali pano ndalama sizikukwana, ndiponso kompyuta imene ndili nayo ikugwira bwino ntchito.

Ndawerenga zikwangwani za kumbuyo monga mwanenera. Pa bokosi la magetsi la kompyuta palembedwa 300W, pa adaputa ya sikirini palembedwa 19V 1.3A, pa rauta 12V 1A, ndipo pa pulinta 220-240V 4A. Bambo a ku Chinamwali, kodi 300W imeneyi sikutanthauza kuti ya 650VA ikhala pafupi kulemedwa? Komanso mwana wa achimwene anga, amene amayendetsa minibasi ya pakati pa Zomba ndi Liwonde, akuti ndigule UPS yaing'ono kenako iye achotsemo kabatire kake n'kulumikizako batire la galimoto, ndipo akuti anzake anachita zimenezi n'kumaonera mpira maola ambiri. Kodi ndimulole? Ndikufunsa chifukwa masiku amene ophunzira akupereka zolemba zawo, kukhala maola anayi osatayipa kumanditayitsa makasitomala, ndipo mphindi 10 zosungira chikalata sizindibwezera ntchito imeneyo.

Mmisiri wa ku Chinamwali anayankhanso kuti:

Mayi, 300W imeneyo ndi malire a mphamvu imene bokosilo lingathe kupereka, si imene kompyuta ikudya. Potayipa mu Word mwina sikufika n'komwe pa mawati 100. Sikirini yanu ndi 19 kuchulukitsa ndi 1.3, zomwe ndi mawati pafupifupi 25. Pulinta ndiyo mwadzionera nokha, chifukwa 230 kuchulukitsa ndi 4 ndi 920, kuposa ngakhale mawati 900 a UPS ya 1500VA ija. Bambo a ku Kalimbuka anena zoona kuti ya 650VA ya AVR ikukwanirani, ndipo ndikuvomereza. Ine ndinatchula ya 1000VA poganizira kuti batire likamakalamba mphindi zimachepa, koma ngati thumba silikulola, yaing'onoyo igwira ntchito malinga mukamaizimitsa msanga.

Za batire la galimoto musalole, ndipo mwanayo mumufotokozere zifukwa zake mwachifatse chifukwa akufuna kukuthandizani. UPS yaing'ono ilibe fani, ndipo thiransifoma yake anaipanga podziwa kuti kabatire ka 7Ah kadzatha isanatenthe kwambiri. Mukaipatsa batire lalikulu imagwira ntchito kwa maola mkati mwa bokosi la pulasitiki, ndipo ine ndaonapo zosungunuka. Tchaja yake ya mkati imapereka mphamvu yosapitirira ampeya imodzi, moti batire la galimoto likatha lingafune masiku kuti lidzadze. Batire la galimoto nalonso linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa polizira injini, ndipo likamakhetsedwa kwambiri limafa msanga. Pamwamba pa izi, batire la madzi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka ndi kamoto kakang'ono, ndipo si chinthu choika m'chipinda chodzadza mapepala momwe ana amalowamo.

Ngati mukufunadi maola anayi, wogulitsa wachitatu uja ndiye anali pafupi ndi yankho. Mufunika inveta yokhala ndi tchaja yakeyake ndi batire la deep cycle, lopangidwira kukhetsedwa pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Batire la mtovu la 12V 100Ah pa pepala lili ndi 1200Wh, koma kuti likhalitse simuyenera kudya kupitirira theka, zomwe ndi 600Wh, ndipo mukachotsa zotayika mu inveta mutsala ndi pafupifupi 500Wh. Kompyuta, sikirini ndi rauta zikamadya mawati 130 pamodzi, mupeza maola pafupifupi anayi. Kubwezera theka limenelo ndi tchaja ya maampeya 10 kumatenga maola oposa asanu, ndiye pa masiku amene magetsi akubwera mwa apo ndi apo, sola imodzi padenga imathandiza kuti batire lisagone ndi njala monga anenera bambo a ku Kalimbuka. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 la kukula komweko limalola kudya magawo 8 kapena 9 mwa 10 ndipo limapirira maulendo masauzande, koma mtengo wake wogulira ndi wokwera, ndipo limafuna inveta yodziwa kulitchaja. Musankhe inveta ya pure sine wave yokhala ndi UPS mode, chifukwa zina zimachedwa kulumphira ku batire moti kompyuta imazima. Zipangizo zanu zilumikizidwe mwachindunji ku masoketi a inveta. Munthu asakupangireni chingwe cha mapulagi awiri cholowetsa inveta mu soketi ya pakhoma, chifukwa magetsiwo amabwerera ku mawaya a kunja ndipo akhoza kupha munthu amene akukonza pa polo. Ngati mudzafune kuti iziyatsanso mababu a m'nyumba, pafunika switchi yosinthira yoikidwa ndi mmisiri wovomerezeka.

Poti ndalama ndi zochepa, yambani ndi UPS ya AVR ndi ka DC ka rauta, ndipo inveta idzabwere mukasonkhanitsa zina. Mukafika nayo kunyumba, itchajeni kwa maola 8 musanalumikizeko chilichonse. Kenako lumikizani kompyuta ndi sikirini, tsekani ntchito zonse zofunika, zimitsani switchi ya pakhoma pulagi ili momwemo kuti earth isaduke, ndipo muwerenge pa wotchi kuti papita mphindi zingati UPS isanayambe kulira motsatizana posonyeza kuti batire latsala pang'ono. Ngati kompyuta yazima nthawi yomweyo kapena mphindi sizinafike 5, ibwezeni ndi lisiti lake tsiku lomwelo. Nambala imene mwapeza muilembe pa kapepala pamodzi ndi deti n'kumata pa UPS, ndipo muzibwereza kuyesaku pakatha miyezi 6 iliyonse. Ikadzatsika kufika theka, gulani batire lina la 12V 7Ah, mutatenga lakalelo kuti mukafananitse kukula kwa timano take, pakuti pali ta mamilimita 4.8 ndi ta 6.3. Lakalelo mukalisiye kwa ogula mabatire akutha, lisatayidwe kudzala kumene ana amasewera, chifukwa muli mtovu ndi asidi. Mukayesa mudzatiuze mphindi zimene mwapeza ndi dzina la UPS imene mwagula, kuti tione ngati batire lake linali latsopanodi.